Musanatsike M'dzenje: Mpweya Wakupha M'zitsime, M'zimbudzi ndi M'mathanki

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikukulankhulani kuchokera ku Domasi Mishoni, m'dera la mfumu Malemia, m'boma la Zomba, m'chigwa chimene mtsinje wa Domasi umadutsa potsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa kulowera ku nyanja ya Chilwa. Amayi amene muli pamoto, abambo amene mwangoweruka kudimba, makamakanso inu amisiri okumba zitsime, opopa zimbudzi, mapulambala ndi owotcherera zitsulo, sendezani wailesi pafupi. Nkhani ya lero ndi yanu.

Mishoni ino inayamba mu 1884, pamene m'busa Alexander Hetherwick wa mpingo wa ku Scotland anabwera kudzakhazikika kuno kuchokera ku Blantyre. Lero ili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP, ndipo chigwa chonsechi chadzaza anthu. Pali tchalitchi, masukulu ndi nyumba za aphunzitsi. Mukatsikira chakumsewu wa ku Liwonde mupeza Domasi College of Education, Malawi Institute of Education, chipatala, ndende, ndi malo ofufuzirako za ulimi wa nsomba. Paliponse pamene anthu ambiri amadya ndi kugona pamodzi, pansi pa nthaka pamakhala zinthu zimene alendo saziona: masepitiki thanki, maenje olumikizira mapaipi a zonyansa, mathanki osungira madzi. Kumidzi nakonso kuli zitsime ndi zimbudzi zokumba. Zinthu zonsezi zimadzaza, zimatsekeka, zimauma, zimachita dzimbiri. Tsiku limafika loti munthu wina, mwana wa mayi wina, alowemo.

Malo amene tikunena ndi aliwonse amene munthu angathe kulowamo, koma khomo lake ndi lopapatiza, mphepo siyendamo, ndipo sanamangidwe kuti munthu azikhalamo. Sikuti mpaka akhale akuya kwambiri ayi. Dzenje loti munthu akaimirira mutu wake ukubisika, latha kale kupha.

Mu Marichi 2003, mumzinda wa Mombasa ku Kenya, mtsikana wina wophunzira anagwetsa foni yake m'chimbudzi chokumba. Analonjeza mashilingi 1,000 kwa aliyense amene angaitulutse. Bambo wina anaswa pansi pa chimbudzicho n'kutsika pamakwerero. Sanatulukenso. Mnansi wake anatsika kukamuona, nayenso anatsalira komweko. Wachitatu anatsika kukapulumutsa awiriwo, anakomoka ali pamakwerero, anthu anamukoka, koma anamwalira akupita naye kuchipatala. Wachinayi anachita kumuletsa apolisi. Amuna atatu athanzi, tsiku limodzi, dzenje limodzi.

Musaganize kuti anthu amenewa anali opusa. Zimenezi zimachitika ngakhale m'mayiko okhala ndi zipangizo zonse. Mu 1986, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha anthu pantchito, lotchedwa NIOSH, linachenjeza kuti mwa anthu amene amafera m'malo oterewa, oposa 60 pa 100 alionse amakhala aja amene analowa kukapulumutsa anzawo. Ine chiwerengero chimenechi chimandiwawa, chifukwa amene akufawo ndi anthu a mtima wabwino. Ife tinaleredwa kuti mnzako akagwa usaime chilili. Ukamva mfuwu umathamanga, sufunsa. Ndi khalidwe lonyaditsa, ndipo sindikufuna litithawe. Koma pakamwa pa dzenje khalidwe lomweli, likapanda chidziwitso, limasandutsa maliro amodzi kukhala atatu.

Nanga chimapha n'chiyani, poti m'dzenjemo mulibe njoka, mulibe madzi omiza munthu?

Ndi mpweya. Mpweya umene tikupuma panopa uli ndi okosijeni wokwana pafupifupi 21 peresenti, ndipo ndi amene amasunga moyo wathu. Akatswiri anaika malire akuti akatsika pansi pa 19.5 peresenti, malowo si olowamo. Akafika cha m'ma 10 munthu amakomoka, ndipo akatsika pansi pa 6 imfa imabwera m'mphindi zochepa. M'chitsime chimene chakhala chovundikira, okosijeni amadyedwa pang'onopang'ono ndi masamba owola, mitengo yotchingira m'mbali, khoswe kapena chule wofera momwemo. Nthaka nayo imatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Mpweya umenewu ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho suuluka. Umatsika n'kudikha pansi ngati madzi m'ndowa, n'kumakwera pang'onopang'ono. Pamwamba mupuma bwinobwino, pakati mupuma bwinobwino, koma mukangowerama pansi kuti mutape dothi, mutu wanu walowa m'mpweya wopanda moyo.

Choipa kwambiri n'chakuti okosijeni akachepa, chimene chimayamba kufooka ndi nzeru. Munthu amasokonezeka ngati waledzera, sadziwa kuti ali pangozi. Akamati azindikire, manja alefuka, ndipo makwerero amafuna manja.

M'zimbudzi ndi m'masepitiki thanki muli mdani wina woopsa kuposa ameneyu, dzina lake hydrogen sulphide. Fungo lake mukulidziwa nonse, ndi lija la dzira lowola. Amisiri ambiri amadalira mphuno. Amanunkhiza pakamwa pa thanki, fungo likachepa amati, "Mpweya watuluka, tiyeni tilowe." Abale anga, apa m'pamene pagona imfa. Mpweya umenewu ukakhala wochepa umanunkha. Ukachuluka kufika magawo 100 okha pa miliyoni, umapha mphamvu ya mphuno, fungo n'kuzimiririka. Ndiye kuti kutha kwa fungo kungatanthauze kuti mpweyawo wawonjezeka. Ukafika magawo 700 mpaka 1,000 pa miliyoni, kupuma kamodzi kapena kawiri kokha munthu wagwa, osakuwa n'komwe. Komanso mpweyawu umabisala mkati mwa zonyansa zimene zakhazikika pansi. Thanki ikhoza kuoneka yabwino m'mawa, koma mukangoponda kapena kuvundula ndi fosholo, mpweya wonse uja umatuluka nthawi imodzi.

M'malo omwewo mumatulukanso methane, mpweya woyaka moto. Ukasakanikirana ndi mpweya wamba pamlingo wa pakati pa 5 ndi 15 peresenti, umaphulika ndi kamoto kakang'ono: machesi, ndudu, ngakhale kuthetheka kwa waya wamagetsi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tabweranso omvera, tikadali ku Domasi Mishoni. Tsopano ndilankhule ndi inu alimi a mpunga ndi a ndiwo zamasamba, amene muli ndi mapampu a petulo othirira kudimba.

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala madzi akatsika, zitsime zimafuna kuzamitsa kapena kuchotsamo matope. Madzi otsala pansi amasokoneza wokumba, ndiye anthu amabwereka pampu. Koma pampu yokhala pamwamba siingathe kukoka madzi amene ali pansi kupitirira mamita 7 kapena 8. Ndi mmene inapangidwira. Madzi akakana kukwera, wina amapereka nzeru yakuti, "Tiitsitsire mkati." Amaimanga chingwe, n'kuiika pathabwa mkati mwa chitsime, n'kuiliza. Utsi wa injini ya petulo uli ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ukalowa m'magazi umakakamira mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, kotero kuti magazi amayenda koma osanyamula moyo. M'chipinda mbaula imatenga maola. M'chitsime injini imangofuna mphindi. Ndipo ikazimitsidwa utsi wake suchoka nthawi yomweyo, umatsalira kudikira amene atsike kukaona chimene chavuta.

Injini ya petulo kapena ya dizilo isalowe m'chitsime, zivute zitani. Ngakhale pamwamba, ikhale patali ndi pakamwa pa dzenje, kumbali kumene mphepo ikulowera, kuti utsi uzipita kutchire. Ngati madzi ali akuya, pezani pampu yamagetsi yomiza m'madzi, jenereta yake ikhale kutali. Ngati palibe, tungani ndi ndowa. N'zochedwa, n'zotopetsa, koma madzulo mudzadya nsima ndi ana anu.

Mathanki a madzi anthu sawaopa chifukwa ndi aukhondo. Koma thanki yachitsulo yopanda madzi ikakhala yotseka, dzimbiri limadya okosijeni mkatimo. Mukalowa ndi penti kapena mankhwala otsukira a klorini, nthunzi yake ilibe kothawira. Mukalowa ndi moto wowotcherera, mwawonjezera utsi, ndipo chilichonse chimene chingayake mkatimo chikhala poizoni. Achikulire athu amene anapita ku Joni pa Wenela amadziwa zimenezi. Pa 16 Sepitembala 1986, ku mgodi wa golide wa Kinross ku South Africa, moto wa owotcherera unayatsa zinthu zapulasitiki zimene anamata m'makoma a mgodi. Anthu 177 anafa, ndipo mwa iwo munali Amalawi. Ambiri motowo sunawakhudze n'komwe. Chinawapha ndi utsi umene unayenda m'njira za pansi. Chimodzimodzinso mosungira chimanga mmene aikamo mapiritsi ophera anankafumbwe: mapiritsi amenewo amatulutsa mpweya wa phosphine, ndipo sasiyanitsa kachilombo ndi munthu.

Okumba zitsime akale ali ndi njira yawo yoyesera. Amatsitsa kandulo kapena nyali yoyaka pachingwe, ikazima, salowa. Nzeru imeneyi ndimailemekeza, yapulumutsa anthu ambiri, ndipo ikazima musatsutse. Koma ikapanda kuzima musakhulupirire kuti zonse zili bwino. Kandulo imatha kuyakabe pamene okosijeni watsika kale pansi pa malire aja. Siidziwa kanthu za hydrogen sulphide kapena carbon monoxide. Imayaka mosangalala munthu akufa pambali pake. Ndipo pa sepitiki thanki kapena pachimbudzi musayerekeze n'komwe kutsitsa moto, chifukwa cha methane uja.

Ena amamanga kansalu konyowa pamphuno, ena amavala masiki aja tinazolowera nthawi ya Covid-19. Zimenezo zimatchinga fumbi basi. Sizisefa mpweya wapoizoni, ndipo sizingapange okosijeni pamene palibe. Ena amayamba akhomako kachasu kuti alimbe mtima ndi kuti fungo lisawavute. Mowa umangophimba zizindikiro zimene zikanakuuzani kuti tulukani: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, maso kuyabwa, kupuma mobanika.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ndiye ntchito yoyenera imayenda bwanji? Tiyerekeze kuti sepitiki thanki ya pasukulu yogonera pompo yadzaza, ana akudandaula, mphunzitsi wamkulu wasowa mtendere.

Funso loyamba, limene ambiri amalidumpha, n'lakuti: kodi m'pofunikadi kuti munthu alowe? Kawirikawiri yankho limakhala ayi. Pali magalimoto opopa zonyansa. Pali mapampu apamanja opopera zimbudzi, amene wogwira ntchito amapopa ataima panja. Paipi yotsekeka imatsegulidwa ndi ndodo zolumikiza, munthu ali pamwamba. Foni, ndowa kapena nkhuku ikagwera m'dzenje, pali ngowe, pali chingwe, ndipo ngati zakanika, zisiyeni. Kunena zoona, ine sindiona chifukwa chilichonse choti munthu wopanda botolo la mpweya wopumira alowe m'sepitiki thanki kapena m'dzenje la chimbudzi limene lagwirapo ntchito. Dziko la India linafika poika lamulo mu 2013 loletsa kulowetsa munthu m'ngalande za zonyansa ndi m'masepitiki thanki popanda zomutetezera, chifukwa cha kuchuluka kwa anthu osauka amene ankaferamo.

Ngati ntchitoyo singatheke popanda kulowa, monga kuzamitsa chitsime kapena kumata thanki ya madzi yong'aluka, pakhale munthu mmodzi wamkulu amene ntchitoyo ili pamutu pake. M'makampani akuluakulu amalemba chikalata cha chilolezo: akulowa ndani, nthawi yanji, kukachita chiyani, mpweya wayezedwa ndi ndani, zikavuta achita chiyani. Pasukulu kapena pachipatala pepala limodzi la m'kope likwanira, bola lisainidwe munthu asanatsike. Phindu lake n'lakuti limakakamiza anthu kuganiza asanayambe, osati ngozi itagwa.

Kenaka tsekani chilichonse chimene chingalowe m'malomo. Vavu ya madzi itsekedwe, magetsi a pampu azimitsidwe, ndipo pakhale loko, kiyi wake ali m'thumba mwa amene walowayo. Kungouza mlonda kuti "musayatse" sikokwanira. Mlonda amasinthana ndi mnzake, ndipo mnzakeyo sanamve.

Tsegulani zivundikiro zonse, mphepo iyende. Kumene kuli makina opemerera, paipi yake ifike pansi penipeni, ndipo azipemerera nthawi yonse imene munthu ali mkati. Kumudzi, okumba zitsime amamanga nthambi ya masamba ambiri kapena ambulera yotambasula pachingwe, n'kumaitsitsa ndi kuikweza kambirimbiri kuti mpweya wapansi usunthe. Zimathandiza, koma chitani m'mawa uliwonse ndiponso mukabwera kokadya, chifukwa mpweya woipa umabwerera usiku. Inu owotcherera, musatsegule botolo la okosijeni m'thanki poganiza kuti mukukonza mpweya. Okosijeni akapitirira 23.5 peresenti, zovala ndi tsitsi zimayaka ngati zathiridwa palafini.

Mpweya uyezedwe munthu ali panja. Pali kachipangizo kokula ngati foni kamene kamayeza mipweya inayi nthawi imodzi: okosijeni, mpweya woyaka, hydrogen sulphide ndi carbon monoxide. Kamatsitsidwa pachingwe, kuyeza pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa mpweya wopepuka umakhala kumwamba, wolemera pansi. Wolowayo akavale pachifuwa. Kakalira, atuluke osafunsa. N'zoona kuti mmisiri wa ganyu sangakagule payekha. Koma m'chigwa chino muli makoleji, masukulu, chipatala, mpingo ndi maofesi a boma. Kodi onsewa atagwirizana angalephere kugula kamodzi, n'kumabwerekana, n'kumabwereketsanso midzi yowazungulira? Ine ndikuona kuti n'zotheka.

Wotsikayo avale malamba ogwira mapewa ndi ntchafu, chingwe chimangidwe kumsana pakati pa mapewa. Chingwe cha m'chiuno chokha chimapinda munthu wokomoka pakati, n'kumukakamiza pakhomo lopapatiza. Pamwamba pakhale chitsulo cha miyendo itatu kapena mtanda wolimba wokhala ndi chopukusira, pakuti munthu wa makilogalamu 60 kapena 70 atalefuka, mnzake mmodzi sangamukoke ndi manja. Yesani kumukweza kamodzi ntchito isanayambe, muone ngati zikutheka.

Ndipo pakamwa pa dzenje pakhale munthu amene ntchito yake ndi imodzi yokha, kuyang'anira mnzake. Sakatunga madzi, sakagula fodya, sayankha moni wautali wa odutsa. Azilankhula naye mosalekeza. Mawu a wapansiyo akayamba kulemera, akayamba kuyankha zosagwirizana, kapena akangokhala chete, akokedwe nthawi yomweyo. Foni yokhala ndi moto ndi mayunitsi ikhale pafupi, ndipo galimoto kapena njinga yamoto yopita kuchipatala ikhale yodziwika kale.

Zonsezi si chifundo cha bwana ayi. Dziko lathu lili ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la mu 1997, limene limaika udindo pa olemba ntchito kuti ateteze moyo wa antchito awo, ndipo limayendetsedwa ndi Unduna wa Zantchito. Lilinso ndi lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito la mu 2000. Mu 2019 dziko la Malawi linavomereza pangano nambala 155 la bungwe la zantchito padziko lonse la ILO, limene limati wantchito amene wachoka pamalo poona kuti moyo wake uli pangozi yaikulu asalangidwe. Ndikudziwa kuti kukana ganyu ana ali ndi njala kunyumba si chinthu chapafupi. N'chifukwa chake mawu anga olemera ndikuwapereka kwa inu olemba ganyu, kaya ndinu kontilakitala, komiti ya sukulu kapena mwini nyumba. Mukamasankha mmisiri wotchipa amene wabwera ndi ndowa ndi fosholo basi, dziwani kuti ndalama imene mwapulumutsayo mwaichotsa pa chitetezo chake.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa m'pamene pamafera anthu ambiri. Mnzanu wagwa pansi m'dzenje, mukumuitana sakuyankha. Mtima ukuti dumphira. Musatsike. Chimene chamugwetsa iyeyo chikadali pomwepo, ndipo inu mapapo anu si osiyana ndi ake. Kugwira mpweya m'chifuwa sikungakuthandizeni. Simungatsike, kunyamula munthu ndi kukwera naye osapuma.

Kuwani kuti anthu abwere. Kokani chingwe chake. Zimitsani injini iliyonse imene ili pafupi, tsegulani zivundikiro zonse, pemererani mpweya pansi ndi chilichonse chimene muli nacho. Wina aimbire apolisi, achipatala ndi ozimitsa moto, koma kumbukirani kuti kuchokera mumzinda wa Zomba kufika kuno ndi makilomita oposa 15, pamene ubongo wosowa okosijeni umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Chimene chingamupulumutse ndi chingwe chimene munamumanga asanatsike. Pakhalenso munthu wamkulu woima pakamwa pa dzenjelo kuletsa achibale, chifukwa bambo kapena mchimwene wake akafika sadzamva za wina aliyense. Mugwireni, ngakhale akutukwaneni.

Akatuluka, mugonekeni pamalo a mphepo, mumasuleni zovala, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, ikani manja anu pakati pa chifuwa chake, dinikizani mwamphamvu kulowa masentimita 5, maulendo 100 mpaka 120 pamphindi, osaleka mpaka thandizo lifike. Ngati akupuma koma ali chikomokere, mugonekeni chammbali ndipo musamumwetse kanthu, kaya madzi kaya mkaka. Ngakhale atsitsimuke n'kunena kuti ali bwino, pitani naye kuchipatala, kaya cha Domasi, cha St Luke's ku Malosa kapena chachikulu cha Zomba, chifukwa mpweya wa m'zimbudzi umatha kudzaza madzi m'mapapo patapita maola angapo. Auzeni adokotala dzenje limene analowa ndiponso ngati panali injini.

Nthawi yathu yatha, omvera. Mafumu athu, nkhaniyi muikambe pabwalo chilimwe chisanafike pachimake. Abusa, mashehe ndi akulu a mpingo, ipatseni mphindi zochepa pazolengeza. Aphunzitsi, auzeni ana kuti mpira kapena ndowa ikagwera m'dzenje aitane akuluakulu. Amayi, bambo akamapita kokumba chitsime mawa, afunseni kuti chingwe chili kuti ndipo pamwamba patsala ndani. Akapanda kuyankha bwino, asapite.



(NYIMBO YOTSEKERA PULOGALAMU)